Makina ang'ono ochapira kapeti: amayamwa bwino kuposa mmene amachapira

Ndiyambe ndi chigamulo, kuti amene muli pa changu musavutike kuwerenga mpaka pansi. Makina ang'onoang'ono ochapira kapeti, aja onyamula ndi dzanja limodzi okhala ndi matanki awiri ndi paipi yopindika, ndi othandiza ndithu, koma osati pa ntchito imene amawajambulira pa bokosi. Pa bokosi amaika kapeti yakuda bii mbali ina, yoyera mbee mbali inayo, ngati makinawo achapa okha. Kuchapa kwawo n'kochepa. Luso lawo lenileni ndi kuyamwa madzi, ndipo munthu ukazindikira zimenezi umasiya kukangana nawo n'kuyamba kuwatuma zimene angathe.

Dzina la kampani imene inapanga anga ndilisiya, chifukwa makina a mtundu uwu mkati mwake amafanana kwambiri. Pali thanki ya madzi oyera m'mene mumathiramo sopo, kapampu kokankha madziwo, ndi mlomo wa pulasitiki woonekera mkati wokhala ndi kabulashi ka mano olimba. Mukafinya kachogwirira, madzi amafayira pa kapeti. Mukakoka mlomo uja chobwerera m'mbuyo, mota imayamwa madziwo n'kuwataya m'thanki yachiwiri. Basi, mulibe matsenga ena. Anga satenthetsa madzi. Mukathira ofunda, pofika pa kapeti amakhala atazirala kale, ndipo pa makapeti ena kuzirala kumeneko ndi mwayi.

Kwanga kuli makapeti atatu, ndipo makinawa amasintha khalidwe pa iliyonse. Ya pabalaza ndi ya polypropylene, ulusi wa pulasitiki umene amapangira makapeti ambiri a masiku ano. Ya kuchipinda ndi ya ubweya wa nkhosa, yomanga mfundo ndi manja, yofiira ndi yabuluu, yokhala ndi mphonje zoyera. Ya pakhomo ndi ya jute, chomera chija amapangira ziguduli. M'nyumbamo mulinso mwana wongoyamba kumene kudzigwirira kapu, ndi galu wokalamba amene chikhodzodzo chake sichidikiranso kuti kuche. Ntchito ndiye sisowa.

Pa ya pabalaza ndi pamene makinawa amaonetsa chamuna. Polypropylene samwa madzi. Madzi amangoyenda pakati pa ulusi osalowa mkati mwake, ndipo utoto amauthira pulasitikiyo isanakokedwe kukhala ulusi, choncho susuluka ngakhale muinyowetse bwanji. Tiyi wamkaka akatayika, ndimayamba ndayamwa osapopera kanthu. Mumaona ndi maso tiyi uja akukwera m'mlomo woonekera uja, poyamba wofiirira kwambiri, kenako wotuwa, kenako timadontho tokha tothamangitsana. Apo m'pamene ndimapopera madzi pang'ono, kudikira kamphindi, n'kuyamwanso. Banga la tiyi wongotayika kumene limachoka lonse, ndipo malowo amauma tsiku lomwelo. Ndi nsanza ndi beseni ntchito yomweyi imasiya chithaphwi kunsi kwa kapeti, chifukwa dzanja limakankhira madzi pansi pamene makina amawakokera m'mwamba.

Chimene polypropylene amakonda ndi mafuta. Njira imene anthu amadutsa opanda nsapato imada motuwa chifukwa cha mafuta a m'mapazi, ndipo pamenepo madzi okha sachita kanthu. Pamafunika sopo, komanso kumupatsa mphindi 5 mpaka 10 kuti agwire ntchito musanayamwe. Ulusiwu umaopanso kutentha. Umasungunuka pa madigiri a Celsius pafupifupi 160, moti kungokhwekhwereza sofa yolemera pamwamba pake kumatha kusiya mzere wonyezimira umene palibe makina angauchotse. Amene munazolowera kuchotsa phula la kandulo ndi simbi ndi pepala, pa kapeti yotere siyani. Liumitseni ndi ayezi, mulipale ndi supuni. Chingamu nachonso chimodzimodzi. Pa zinthu ziwirizi makina anga ndi mlendo chabe.

Nkhani ya sopo ndiyimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira ndi makina otere. Mumachapa malo, pamawala bwino, koma pakatha masabata angapo malo omwewo ndi amene ada kuposa pozungulira. Wolakwa ndi sopo wotsalira. Ntchito ya sopo ndi kugwira litsiro, ndipo akaumira m'ulusi sapuma ntchitoyi: amagwira fumbi la phazi lililonse lodutsa. Malowo akauma, agwireni. Ngati pakumata, kapena ulusi waumirira gwa, sopo watsalamo. Ine ndimathira wochepera pa mlingo wolembedwa pa botolo, ndipo nthawi zambiri m'thanki sindimuthiramo n'komwe. Ndimamusungunula m'kabotolo kofayira, ndimafayira pa banga penipeni, ndipo m'thanki ya makina mumakhala madzi okhaokha otsukuluzira. Sopo waufa wochapira zovala musamuyandikitse. Amachita thovu lambiri, thovulo limadzaza thanki ya madzi akuda, kachinthu koyandama kamene kamateteza mota kamakwera msanga n'kutseka njira ya mphepo, ndiye mumangomva mota yasintha kulira koma pansi palibe chimene chikuyamwidwa.

Kagwiridwe kake nako ndi kosavuta kunena koma kotopetsa kuchita: kupopera kamodzi, kuyamwa katatu kapena kanayi, pang'onopang'ono, mlomo mutaukanikiza pansi kuti mphepo isalowere m'mbali. Madzi akuda aja a m'thanki yachiwiri amasangalatsa kuwaona, ndipo makanema a pa intaneti amagulitsira makina madzi amenewa, koma asakupusitseni. Kafumbi kochepa kamadetsa madzi ambiri. Yang'anani madzi omaliza odutsa m'mlomo. Akamadutsa oyera opanda thovu, ndiye kuti mwamaliza.

Pali banga lina limene limachoka madzulo n'kubwerera m'mawa, ndipo khofi ndiye katswiri wa zimenezi. Chimachitika n'chakuti zotayikazo zinalowa mpaka pa nsalu ya pansi. Kapeti ikamauma, madzi amakwera m'ulusi kupita pamwamba, monga mafuta amakwerera m'chingwe cha nyali, atanyamula litsiro la pansi lija. Madziwo amauluka, litsiro limatsala pa nsonga za ulusi, inu n'kumati makina ndi achabechabe. Mankhwala ake ndi kuyamwa mpaka m'mlomo musadutsenso dontho, kenako kupinda thaulo loyera, kuliika pamalopo, n'kulitsindira ndi mabuku olemera usiku wonse. Litsiro likakwera limalowa m'thaulo. Apa kapeti yoyala ili ndi mwayi kuposa yokhomerera chipinda chonse, chifukwa mutha kuitembenuza n'kuyamwanso kumbuyo kwake, kumene kwabisala gwero la bangalo.

Makinawa sachotsa madzi onse, ngakhale muyamwe mpaka mkono kuwawa. Chotsala n'cha mphepo. Bungwe la EPA, loona za chilengedwe ku United States, limalangiza kuti chinthu chonyowa m'nyumba chiumitsidwe m'maola 24 mpaka 48, apo ayi chimayamba kuchita chuku. Ndiye ndikatha kuchapa ndimanyamula mbali yonyowayo n'kuiyika pa mipando iwiri kuti mphepo idutse pamwamba ndi kunsi, ndimatsegula mawindo, ndimaiyatsira fani. Ngati pansi panu ndi pa matabwa, yalani pulasitiki kunsi musanayambe, chifukwa madzi odutsa pa kapeti amatupitsa matabwa. Miyendo ya mipando musaibwezere pamalo onyowa: yachitsulo imasiya dzimbiri, yamtengo imasiya utoto wake, ndipo mawanga awiriwa ndi ovuta kuposa tiyi amene munkachotsa uja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano chachikulu chimene bokosi silinena. Litsiro lambiri la m'kapeti ndi louma: mchenga, dothi, tsitsi, ubweya wa galu, mfundu za khungu. Mchenga umatsikira pansi penipeni pa ulusi, ndipo timiyala take tili ndi nsonga. Phazi likaponda, timacheka ulusi m'tsinde pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake makapeti amayamba kuyera dazi m'njira zodutsamo anthu. Mukathira madzi pa dothi limeneli musanalichotse, mwaumba matope, ndipo makina ang'onowa alibe mphamvu yozula matope m'tsinde. Yesani izi kamodzi kokha muone. Tengani kapeti imene mukuti ndi yoyera, muitembenuze chafufumimba pansi posalala, muyendetse huva (makina oyamwa fumbi) kumbuyo kwake, makamaka huva ija yokhala ndi bulashi yozungulira imene imagwedeza nsalu. Kenako inyamuleni. Pansi mupeza mchenga wotuwa utayala ndendende mmene kapeti inalili, ndi ngodya zomwe. Sesani, mubwereze, mpaka mchenga uchepe. Amene mulibe huva, kuyanika pa chingwe cholimba n'kukuntha kumbuyo kwake ndi ndodo yosalala kumagwirabe ntchito.

Ndipo si zachilendo kuti zida zonse zoyamba zosamalira makapeti zinkalimbana ndi fumbi louma. Melville Bissell, amene ankagulitsa mbale ndi makapu ku Grand Rapids ku Michigan, analembetsa chosesera kapeti chake cha bulashi yozungulira mu 1876. Hubert Cecil Booth anatulutsa makina ake oyamwa fumbi ku London mu 1901, chimakina chachikulu chokokedwa ndi hatchi chimene chinkaima kunja kwa nyumba, mapaipi n'kulowera pa mawindo. James Murray Spangler, amene ankasesa m'sitolo ku Canton ku Ohio ndipo fumbi linkamuvutitsa pachifuwa, analembetsa makina ake amagetsi onyamulika mu 1908, William Hoover n'kugula nzeruyo. Onsewa anayambira pa fumbi. Munthu atandifunsa kuti agule chiyani choyamba pakati pa huva yabwino ndi makina amadziwa, ndingamuuze huva osaganiza kawiri.

Pa kapeti ya ubweya ndi pamene ndimayenda chonyang'ama. Ubweya wa nkhosa ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga tsitsi lathu ndi zikhadabo, ndipo zimene zingawononge tsitsi zimawononganso kapeti yotere. Sopo wamphamvu wa alkali, wa pH (muyeso wa asidi ndi alkali) yopitirira 8, amauumitsa n'kuusiya wokhakhala, komanso amamasula utoto. Jiki amausungunula kumene. Mankhwala a ma enzyme ochotsa magazi ndi mkodzo ntchito yawo ndi kudya mapuloteni, ndipo ubweya nawo ndi puloteni. Madzi otentha ndi kutikita mwamphamvu zimachititsa timamba ta pa ulusi kukolana, malowo n'kugwirana ngati bulangete lakale, osabwereranso. Botolo la sopo limene linabwera ndi makina anga silinalembe kanthu za ubweya, choncho pa kapeti iyi silifika. Amene mukufuna sopo wogula, funani wolembedwa kuti ndi wa ubweya, kapena wokhala ndi chizindikiro cha WoolSafe.

Vuto lina ndi loti ubweya umanamiza dzanja. Umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanamveke kunyowa. Mukagwira pamwamba mumati yauma, pomwe ulusi wa thonje umene mfundo zinamangidwapo ukadali chinyowere mkati. Thonje likakhalitsa m'chinyezi limavunda, ndipo tsiku lina mumangomva kapeti yathetheka pamene mukuipinda. Makina ang'onowa amatha kulowetsa madzi mpaka pa thonje lija, koma kuwatulutsa onse sangathe.

Ndiye pali utoto. Musanayandikitse madzi pa kapeti yomanga ndi manja, nyowetsani kansalu koyera, mukakanikize pa mtundu uliwonse paokha kwa mphindi zingapo, makamaka pofiira ndi pabuluu woderapo. Pa yanga, buluu sanasiye kanthu, koma pofiira panasiya kachizindikiro kofiirira pa nsalu. Kachizindikiro kameneko ndi kamene kanalamula zonse. Pa kapeti iyi makina ndimawagwiritsa ntchito ngati choyamwira basi. Kanthu kakatayika, ndimayamwa msanga, ndimadontheza madzi ozizira pang'ono osakaniza ndi viniga woyera wochepa, chifukwa asidi wofatsa amathandiza utoto wa pa ubweya kukhala m'malo, n'kuyamwanso. Mlomo ndimaupendeketsa kuti kabulashi kasakhudze. Ndimakoka motsata kumene ulusi wagonera, kumene dzanja limatsetsereka mukasisita. Pa ntchito yochepa chonchi makinawa ndimawayamikira, chifukwa amachotsa madzi ambiri kuposa thaulo. Fungo la nkhosa yonyowa limene limabwera lisakuopseni, limatha ikauma.

Mphonje zisiyeni. Pa kapeti yomanga ndi manja, mphonje ndi mapeto a ulusi womwe wanyamula kapeti yonse. Bulashi yozungulira ya huva ikazikola n'kuzidula, mfundo za kumapeto zimayamba kumasuka mzere ndi mzere. Kabulashi ka makina amadziwa nako kamazinyenya. Ndimangozikung'untha ndi dzanja n'kuzipesa ndi zala.

Tembenuzaninso kapeti yanu ya ubweya muone kumbuyo. Ngati maluwa ake akuoneka kumbuyo ngati kumaso, ndi yomanga mfundo kapena yoluka. Ngati kumbuyo kuli nsalu yamtundu umodzi yomatidwa, ndi ija amabaya ulusi pa nsalu n'kuumata ndi guluu wa latex. Yotereyi imadana ndi kunyowa kwambiri. Guluu amafooka, amayamba kuyoyoka ngati ufa kunsi kwake, ndipo ena amatulutsa fungo limene silichoka ndi kuchapa, limangokulirakulira.

Pali adani awiri a ubweya amene makinawa sangawachite kanthu. Woyamba ndi njenjete. Zimene zimadya ndi mphutsi zake, ndipo zimakonda malo amdima osagwedezeka, monga mbali ija ya kapeti imene inalowa kunsi kwa bedi kapena sofa. Mankhwala ake ndi kusuntha katundu, kudutsa huva kumaso ndi kumbuyo, ndiponso kutembenuza kapeti kamodzi kapena kawiri pachaka kuti mbali ya kukhoma ibwere kunjira. Kapeti yaing'ono yogwidwa kale, kuikulunga m'pulasitiki n'kuisiya m'firiji yozizira madigiri -18 kwa sabata kapena kupitirira kumapha mazira ndi mphutsi. Wachiwiri ndi kuwala. Ku Victoria and Albert Museum ku London kuli kapeti ya Ardabil, yopangidwa ku Iran m'zaka za 1539 ndi 1540, ndipo amaiyatsira magetsi kwa mphindi 10 zokha pa theka lililonse la ola kuti utoto usasuluke. Yathu sitingaisamale choncho, komabe katani wa pa windo la dzuwa la masana amachita zambiri. Poumitsa, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, kapena chafufumimba ngati mthunzi palibe.

Za jute sinditaya nthawi: makinawa asafikepo. Jute akanyowa amatulutsa utoto wake wachilengedwe wochokera ku lignin (chinthu cholimbitsa ulusi wa zomera), umene umakwera pamwamba n'kusiya chibanga chachikasu chofiirira chokhala ndi mkombero. Madzi oyera enieni amadetsa jute. Khonje nalo chimodzimodzi. Ya pakhomo ija ndimangoikuntha n'kuidutsa huva, ndipo matope akapakika ndimadikira aume kaye ndisanawapale. Ndikuchenjezeninso za viscose, ngakhale ine ndilibe. Ndi makapeti aja onyezimira okongola amene ogulitsa amawatcha silika wa nsungwi kapena silika wochita kupanga. Viscose akanyowa amafooka kwambiri, ulusi umagona osadzukanso, malowo amasanduka achikasu. Kuti mudziwe, sololani kaulusi kamodzi kumbuyo muotche: silika weniweni ndi ubweya zimanunkha tsitsi lopserera, viscose amanunkha pepala.

Mkodzo wa galu ndi umene unandichititsa kugula makinawa, ndiye ndinene mosabisa. Ukakhala watsopano, pa polypropylene, makinawa ndi mpulumutsi. Kuyamwa, kutsukuluza, kuyamwanso, fungo silitsala. Ukakhala wakale, wouma kale, nkhani ndi ina. Mkodzo ukauma umasiya mchere wake m'nsalu ya pansi, mabakiteriya amausintha kukhala wa alkali wonunkha amoniya, ndipo kunja kukachita chinyezi fungo limadzuka ngati ndi dzulo. Kufayira pamwamba sikufika kumeneko. Pamafunika kuthira mankhwala a ma enzyme okwanira kufika pamene mkodzo unafika, kuwasiya nthawi yonse yolembedwa pa botolo, kenako makina n'kubwera kudzayamwa. Apanso ntchito yaikulu wachita ndi wina, makina angomaliza. Sopo wokhala ndi amoniya musamuike pamenepo, galu amamva ngati mwamulembera malo. Ndipo jiki musamusakanize ndi viniga kapena amoniya, ngakhale m'thanki ngakhale pa kapeti, chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni. Magazi amafuna madzi ozizira okhaokha, otentha amawaphika n'kuwamatiza ku ulusi. Soda wophikira amachepetsa fungo ndithu, koma muchotseni yense ndi huva musanabweretse madzi, apo ayi amaumbika m'tsinde mwa ulusi.

Zodandaula zanga pa makinawo ndi izi. Amalira kwambiri, moti mwana akagona ntchito imadikira, ndipo galu amathawira kuseri. Thanki ndi yaing'ono, mumangokhalira kupita kukataya ndi kukatunga. Paipi ndi yaifupi, mukakoka pang'ono makina amakutsatirani kapena kupendekeka, ndipo akapendekeka madzi akuda amadontha. Koma chondinyansa kwambiri ndi kutsuka makinawo mukatha ntchito. Paipi ija ili ndi mikwingwirima mkati, mmene mumatsalira madzi a zonse munayamwa zija. Mukangoikulunga n'kuika m'kabati, tsiku lodzaitulutsa fungo lake limakulandirani pakhomo. Ndimayamwitsa beseni la madzi oyera kudzera m'paipimo, ndimaipachika choweramitsa kuti ikhe, matanki ndimawasiya otsegula mpaka aume. Tsitsi ndi ubweya wa galu zimakakamira m'kampata kopyapyala ka mlomo, ndipo pa anga mbali imeneyi sitseguka, ndiye ndimachita kutokosa ndi kawaya. Nthawi zina kutsuka makina kumatenga nthawi yaitali kuposa banga limene munachotsa. N'chifukwa chake kadontho kakang'ono ndimangokathana nako ndi thaulo.

Kuchapa kapeti yonse ndi makinawa n'kotheka, koma ndi chilango. Mlomo wake ndi waukulu ngati chikhato, ndiye kapeti ya mamita 2 kwa 3 mumaimaliza mawondo atatupa, ndipo ikauma imaoneka mizeremizere pamene mikoko inapsompsonana. Ya polypropylene ndimaichapa mwa njira ina. Ndimaitulutsa panja pa simenti yoyera yotsetsereka, ndimaikuntha, ndimainyowetsa, sopo pang'ono ndi bulashi yofewa ya mpini wautali, kenako kutsukuluza ndi madzi ambiri uku ndikukankha thovu ndi chopalira madzi cha mphira motsata ulusi. Thovu likatha, makina aja ndi pamene amabwera, kudzayamwa madzi otsala. Kapeti imene ikanalemera osanyamulika n'kukha madzi masiku awiri imapepuka moti ndimaikweza ndekha pa chingwe. Pulagi ndi soketi zikhale kutali ndi madzi, izi sindikuseka.

Ya ubweya ikada yonse, imapita kwa akatswiri, ndipo osati aliyense amene ali ndi makina aakulu. Afunseni mmene amachitira. Odziwa ntchito amayamba agwedeza fumbi louma, amayesa utoto, amachapa kapeti yonse ndi sopo wa ubweya, amatsukuluza kumaso ndi kumbuyo, amafinya madzi ndi makina ozungulira kapena okanikiza, n'kuumitsa pamalo odutsa mphepo. Amene akuti abwera kunyumba kwanu n'kuipopera nthunzi pomwe yayalidwapo akuchita zomwe makina angawa amachita, kungoti ndi madzi ambiri ndi kutentha kochuluka, zinthu ziwiri zimene kapeti yomanga ndi manja sizifuna. Ikabwerako ndipo mukufuna kuisunga, ikulungeni, musaipinde, ndipo muikute ndi nsalu ya thonje chifukwa pulasitiki imatsekera chinyezi mkati.

Ndisanaiwale, pa mipando ya m'galimoto ndi pa matiresi a mwana makinawa andithandiza mwina kuposa pa makapeti penipeni. Izo sizinyamulika kupita pa chingwe, ndiye choyamwa madzi chimakhala chamtengo wapatali.

Ngati m'nyumba mwanu muli ana aang'ono, ziweto kapena wodwala, ndipo makapeti anu ndi a polypropylene, nayiloni kapena polyester, gulani, simudzanong'oneza bondo. Ngati anu ndi a jute, khonje kapena viscose, ndalama imeneyo ipite ku huva yabwino ndi chopondera mapazi cha pakhomo. Pogula musatengeke ndi kuchuluka kwa timilomo tosiyanasiyana m'bokosi, mudzagwiritsa ntchito kamodzi kokha. Onani ngati mlomo umatseguka kuti muchotse tsitsi, ngati thanki ya madzi akuda ili ndi pakamwa poti dzanja lilowe ndi siponji, ngati paipi ndi yaitali mokwanira, ndiponso ngati paipi ndi matanki zimagulitsidwa pazokha, chifukwa pa makina otere zimene zimayamba kutha ndi pulasitiki, mota ikadali yamphamvu.